Injini yaikulu m'kagalimoto kakale: imalowa pomaliza

Anzanga, ambiri mukamva zoti Toyota Starlet yakale aiika injini yaikulu mumangoganiza za liwiro. Ine Loweruka ndimathandiza amalume ku galaja, ndipo kumeneko injini ndi imene imalowa pomaliza.

Tengani Starlet ya injini ya 4E, ya malita 1.3. Anthu amakonda kuikamo 5E ya malita 1.5 chifukwa ziwirizi n'zapachibale, mabawuti ambiri amagwirizana. Komabe timayamba talowa pansi kuona dzimbiri. Chitsulo chimene injini imakhalapo chikadyeka, timawotcherera kaye, n'kuika mamawuntini atsopano.

Kenako mabuleki. Galimoto yothamanga kwambiri iyeneranso kuima msanga, ndiye mapadi ndi mafuta a mabuleki timasintha. Injini yaikulu imatulutsanso kutentha kochuluka, choncho radiator yotsekeka timaitsuka kapena kuichotsa. Kilatchi yakutha nayo imangoterereka, mphamvu osafika kumatayala. Ndi bwinonso 5E ibwere ndi kompyuta yake kuti petulo azilowa mwa muyeso.

Zonse zikatha, nambala ya injini yatsopanoyo mukalembetse ku Road Traffic. Apo ayi, pa rodibuloko mudzafotokoza mpaka thukuta kamukamu!