Msana Ukakugwirani, Mphasa Si Mankhwala

Pa tsamba lino la zaumoyo tikambirane za msana. Nyengo yopanga mizere ikafika, ndi nyumba zowerengeka chabe zimene simumveka dandaulo lakuti "msana wandigwira". Vutoli si lathu tokha ayi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la OMS linawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 619 miliyoni ankavutika ndi ululu wa kumunsi kwa msana, ndipo vutoli ndi limene limaposa ena onse polepheretsa anthu kugwira ntchito zawo.

Kodi chimapweteka n'chiyani?

Msana si fupa limodzi. Ndi mafupa ang'onoang'ono osanjikizana, ndipo asanu amene ali pakati pa nthiti ndi chiuno ndiwo amasenza kulemera kwa thupi pamodzi ndi katundu aliyense amene mwanyamula. Pakati pa fupa ndi fupa pali kanthu kofewa kamene kamagwira ntchito ngati nkhata pamutu. Minofu imagwira mafupawa mbali zonse, ndipo mitsempha yopita kumiyendo imatulukira pomwepo.

Mwa anthu 10 amene msana ukuwapweteka, pafupifupi 9 alibe fupa lothyoka kapena matenda oopsa. Minofu ndi mfundo zangotopa kapena zakokeka. Ululu wake umatha kukhala woopsa ndithu, mpaka munthu kulephera kuvala nsapato, koma ambiri amayamba kupeza bwino pakangopita masiku, ndipo pofika milungu 6 amakhala atabwerera ku ntchito zawo. N'chifukwa chake a namwino akakuyezani n'kunena kuti kujambula kwa Raio-X sikukufunika, musaganize kuti akunyozani.

Dzukani, yendani

Kale odwala msana ankauzidwa kuti agone mpaka achire. Lero zikudziwika kuti kugona masiku ambiri kumachedwetsa kuchira, chifukwa minofu imafooka ndipo msana umauma. Ngati ululu wanyanya, pumulani tsiku limodzi kapena awiri, komabe muzidzuka pafupipafupi n'kuyenda pabwalo. Mawa lake fikani kwa aneba, mkuja ku tchalitchi kapena pamsika. Kumva kuwawa pang'ono poyenda sikutanthauza kuti mukuwononga msana. Ntchito zopepuka monga kutong'ola chimanga, kusankha nyemba ndi kudyetsa ziweto yambani msanga. Khasu libwere pang'onopang'ono, theka la ola lero, ola lathunthu ululu ukachepa.

Nsalu yoviika m'madzi ofunda, kapena botolo la madzi otentha lokulunga m'chitenje, imamasula minofu. Pogona, gonani cham'mbali mutapinda mawondo, ndipo ikani chovala chopinda pakati pa mawondowo. Ngati mumagona chagada, ikani bulangete lopinda pansi pa mawondo.

Kumunda, kudimba ndi kumjigo

Sitinganene kuti musiye kulima, pakuti nsima imachokera kumunda. Ndipo kuwerama pakokha si koipa. Msana unapangidwa kuti uziwerama. Chimene chimautopetsa ndi kuwerama maola ambiri osaweramuka, kunyamula zopitirira mphamvu, ndi kupotokola chiuno muli ndi katundu m'manja.

Yambani ndi mpini wa khasu. Mpini waufupi umakukakamizani kupinda msana tsiku lonse. Semani wautali wolingana ndi msinkhu wanu, ndipo mwana akhale ndi khasu lake, osati la bambo ake. Mukamaliza mzere umodzi kapena iwiri, imirirani, gwirani m'chiuno ndi manja onse, pindikirani kumbuyo pang'ono kangapo, kenaka pitirizani. Sizitenga ngakhale mphindi imodzi. Tikudziwa kuti pa ganyu wolipidwa pa mzere munthu safuna kuima, koma amene wagona mlungu wathunthu chifukwa cha msana amataya zambiri kuposa mphindi zimenezo. Komanso thupi limene lapuma miyezi ya chilimwe lisayambe ndi tsiku lathunthu la khasu. Masiku oyamba weruka dzuwa lisanakwere.

Thumba la feteleza limalemera makilogalamu 50, ndipo matumba a mbatata ya kachewere amene amapita ku Lizulu kapena ku Ulónguè nthawi zambiri amadzazidwa mpaka kusokerera pamwamba. Limeneli si la munthu mmodzi. Itanani mnzanu, kapena ligaweni pawiri. Anyamata amene mumakweza matumba m'malole, mpikisano wakuti wamphamvu ndani umathera pamphasa. Ponyamula chilichonse cholemera, yandikirani pafupi, tangadzani miyendo pang'ono, pindani mawondo, kokerani katunduyo pathupi panu n'kudzuka pang'onopang'ono. Mukafuna kutembenuka, sunthani mapazi, osati chiuno chokha. Pokweza thumba panjinga, wina agwire njingayo.

Amayi, chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, ndipo ambiri a inu mumachisenza muli ndi mwana kumbuyo. Nthawi yovuta kwambiri ndi yotwika ndi yotula, choncho musachite manyazi kupempha mnzanu pamjigo kuti akutwikeni. Ngati muli nokha, kwezani chigubu pabondo kapena pamwala kaye musanachiike pamutu. Ana asukulu apatseni zigubu za malita 5 kapena 10. Kudimba, zothirira ziwiri zosadzaza kwambiri, china dzanja ili china dzanja ilo, n'zabwino kusiyana ndi chimodzi chodzaza chimene chimakupendeketsani. Tsache lotalika, thandala lotsukirapo mbale lofika m'chiuno, ndi kampando pophika zimachepetsa maola owerama. Ndipo abambo, njinga ili pakhomo ingathe kutenga zigubu ziwiri ulendo umodzi. Si lamulo kuti madzi onse a pakhomo adutse pamsana pa mayi.

Kukhala pansi nthawi yaitali nakonso kumaumitsa msana. Osoka pamakina, ogulitsa pamsika, oyendetsa njinga zamoto, ndi inu amene mumakwera shapa mpaka ku Tete, imirirani ndi kudziwongola mpata ukapezeka. Fodya naye ali ndi mlandu: osuta amadwala msana kawirikawiri kuposa osasuta.

M'mawa musanatuluke m'nyumba, chitani izi pamphasa pomwepo. Gonani chagada, kokerani bondo limodzi pachifuwa, werengani mpaka 10, kenaka linalo. Mukatero pindani mawondo mapazi ali pansi, kwezani matako m'mwamba, tsitsani pang'onopang'ono, kasanu kapena kakhumi. Ngati ululu ukutsikira kumwendo pochita zimenezi, lekani ndipo kafunseni ku chipatala.

Za mankhwala

Ibuprofeno ndi diclofenac amachepetsa ululu, koma ndi a masiku ochepa chabe, ndipo amwedwe mutadya. Kumwa tsiku ndi tsiku kuti mupirire kumunda kumatha kuyambitsa zilonda zam'mimba ndi kuwononga impso. Amayi oyembekezera, odwala zilonda zam'mimba, impso kapena kuthamanga kwa magazi, okalamba, ndi amene ali pa TARV, kapena kuti ma ARV, asamwe asanafunse ku Centro de Saúde. Mapiritsi ogulidwa pamsika, okhala padzuwa komanso opanda dzina, simungadziwe chimene chili m'kati mwake. M'chaka cha 2023 a OMS anatulutsa malangizo okhudza msana umene wapweteka kupitirira miyezi itatu. Analimbikitsa masewera olimbitsa thupi ndi kuphunzitsa odwala za vuto lawo, ndipo anati malamba omanga m'chiuno asagwiritsidwe ntchito ngati chithandizo.

Kutemera mphini pamsana sikufika pamene pali vuto, ndipo lezala limene latemera anthu angapo lingathe kupatsira HIV ndi matenda a chiwindi. Zija amakambirana anyamata zakuti msana umapweteka chifukwa chokhalitsa osagona ndi mkazi, zilibe umboni uliwonse.

Zizindikiro zosafunika kudikira

Pali anthu ochepa amene msana wawo ukulozera matenda ena. Pitani ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku, ngati miyendo yafooka kapena mukukoka phazi poyenda, ngati pakati pa miyendo ndi kumatako pachita dzanzi, kapena ngati mkodzo ukukanika kutuluka, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikutuluka zokha. Zikatero mitsempha yapanikizika, ndipo kuchedwa kungasiye munthu wolumala moyo wake wonse. Chimodzimodzi ngati ululu wayamba mutagwa mumtengo, padenga kapena panjinga yamoto. Wovulala chotero musamukhazike panjinga. Mugonekeni pathabwa kapena pachitseko, ndipo mumunyamule osapinda msana wake.

Chifuwa chachikulu cha TB sichigwira mapapo okha, chimalowanso m'mafupa a msana. Ululu wake umakula pang'onopang'ono kwa milungu kapena miyezi, suleka ngakhale mutagona, ndipo nthawi zambiri umabwera ndi kuonda, kutentha thupi ndi thukuta la usiku. Chikalekereredwa chimadya fupa, msana n'kutuluka linunda, miyendo n'kufa. Amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chachikulu. TB imeneyi imachizika, ndipo mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma, kungoti amamwedwa miyezi yambiri osadumphitsa.

Ululu wa cham'mbali, pansi pa nthiti, wobwera ndi kutentha thupi kapena kuwawa pokodza, ungakhale wa impso. Magazi mumkodzo angakhale likodzo, makamaka kwa osamba ndi kuchapa m'madambo. Mwana wamng'ono akamadandaula msana masiku angapo, kapena ululu wanu ukapitirira milungu 6 osasintha, kayezetseni.

Amayi oyembekezera, msana kuwawa m'miyezi yomaliza n'kofala. Koma ukamabwera n'kumapita ngati matenda ayamba masiku asanakwane, kapena mukaona magazi kapena madzi akutuluka, musadikire tsiku la sikelo. Tengani khadi lanu, pezani wokuperekezani, nyamukani.