Manachesi ndi malambe a pa Zalewa

Pa Zalewa pamadziwika ndi kutentha, koma mu Juni ndi Julayi m'mawa kumazizira ndithu, ndipo chimfine chimayenda khomo ndi khomo. Mwayi wathu ndi woti nyengo yomweyi ndi ya manachesi. Taimani pa rodibuloko muone mabeseni odzaza, ochokera ku Neno ndi ku Mwanza. Ine ndimati guliraniko ana manachesiwa musanaganize za zakumwa za m'botolo.

Manachesi ali ndi vitamini C. Sachiza chimfine, pakuti chimfine chimadza ndi kachilombo, koma amathandiza thupi kudziteteza. Malambe, omwe ndi osasowa kuno, ali ndi vitamini ameneyu wochuluka kuposa malalanje. Viikani malambewa m'madzi ofunda chabe, kapena thirani ufa wake m'phala mutaliphula kale, chifukwa kuwiritsa kumawononga vitaminiyo. Shuga achepe, chonde.

M'mawa, phala la mgaiwa lotendera nsinjiro kapena mbatata yophika zimagwira m'mimba mpaka masana. Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi madzi. Kukazizira ludzu silimveka, ndiye anthu amaiwala kumwa. Agogo ndi ana aang'ono muziwapatsa madzi aukhondo osadikira kuti apemphe.