Zoopsa za Kutulo Si Ufiti

Usiku mwana wakuwa mwadzidzidzi. Wakhala tsonga pamphasa, maso ali tong'o, thukuta lili kamukamu. Amake akumuitana, koma iye sakuwazindikira. Patapita mphindi zochepa wagonanso. M'mawa sakumbuka kanthu.

M'nyumba ina bambo wadzuka, koma thupi silikusuntha. Akuona chinthu chakuda chitaima pakhomo. Akumva ngati wina wamukhalira pachifuwa. Akufuna kukuwa, mawu sakutuluka.

Kukacha anthu amati kunabwera mfiti. Amaloza chala nkhalamba ya nyumba yapafupi. Abale amadana, munthu wosalakwa amathamangitsidwa pamudzi. Anzathu, tiyeni tiphunzire chimene chimachitika m'thupi.

Tulo tathu

Pali tulo topepuka, tulo tofa nato ndi tulo ta maloto. Mitundu imeneyi imasinthana usiku wonse. Ulendo umodzi umatenga mphindi pafupifupi 90. M'chaka cha 1953, ku Chicago, Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman anaonetsa kuti pali nthawi imene maso a munthu wogona amayendayenda msanga m'zikope. Maloto ambiri amadza nthawi imeneyo.

Mwana wokuwa usiku

Kukuwa kotere kumadza pa tulo tofa nato, usiku usanapite patali. Mwana amaoneka ngati wadzuka, koma akali m'tulo. Kumachuluka mwana akatopa kwambiri, akagona mochedwa kapena akatentha thupi. Ana ambiri amasiya okha akamakula.

Musamugwedeze, musamumenye, musamuthire madzi. Khalani pafupi, mulankhule motsitsa mawu. Muyang'anire kuti asagwere pamoto kapena kutuluka panja. Ngati amakuwa nthawi imodzimodzi usiku uliwonse, mudzutseni pang'ono mphindi 15 nthawiyo isanafike, kenaka agonenso.

Thupi louma, maso ali penye

Tikamalota, ubongo umagoneka minofu ya manja ndi miyendo kuti tisachite zimene tikulotazo. Nthawi zina maganizo amadzuka thupi likali logona. Apo munthu amaona chipinda chake chenicheni, koma maloto sanathe. Chinthu chakuda chija ndi loto lotsalira. Kulemera pachifuwa kumadza chifukwa munthu wamantha akufuna kukoka mpweya wambiri pamene thupi likupuma mwa tulo. Zimenezi sizipha. Zimatha zokha m'kanthawi kochepa.

Zikakugwerani, dziuzeni kuti zitha posachedwa. Pumani pang'onopang'ono. Yesani kugwedeza chala chimodzi. Uzani amene mumagona nawo kuti akamva mukubuula akukhudzeni.

Kuti zichepe, gonani chammbali, osati chagada. Munthu wamkulu agone maola osachepera 7. Pewani kachasu ndi fodya pokagona.

Mabala a nkhondo

Dziko lathu linaona nkhondo kuyambira 1964 mpaka 1974, ndiponso kuyambira 1977 mpaka 1992. Ena amene anaona zoopsa amazilotabe, nadzidzimuka mtima ukugunda. Si misala, si kufooka. Tisawaseke. Tiwamvere akafuna kulankhula, tiwaperekeze kuchipatala.

Pitani kuchipatala:

1. Mwana akatentha thupi n'kumakomoka kapena kuuma khosi. Pitani nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Akhoza kukhala malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi.
2. Munthu akamagwedezeka thupi, kudziluma lilime kapena kutuluka thovu kukamwa. Likhoza kukhala khunyu, ndipo mankhwala ake alipo.
3. Munthu akamaona kapena kumva zinthu zimene palibe masana ali maso.
4. Mantha akamamuletsa kugona ndi kugwira ntchito kumunda.

Mudzi wodziwa suthamangitsa agogo chifukwa cha loto. Zimene taphunzira lero tikauze anzathu kunyumba.

Mafunso

1. Kodi mwana akakuwa kutulo tichite chiyani?
2. N'chifukwa chiyani thupi silisuntha pamene tikulota?
3. Tchulani zizindikiro ziwiri zotithamangitsira kuchipatala.
4. Lembani m'kope lanu mawu awa: tulo, loto, ubongo, mantha.