Mmene Sewero Limagwirira Wakuba

Sewero ndi nkhani imene anthu amaichita pabwalo, ife tikuona ndi maso. Wolemba sewero afunika kugwira mitima ya oonera kuti asabalalike. Luso limeneli si lachilendo kuno ku Angónia. Wosimba nthano akayamba, ife timavomera kuti tili tonse. Tikaleka kuvomera, nthano yafa. Pa gule wamkulu, chilombo sichivina bwino ngati amayi saimba ndi kuomba m'manja.

Chovuta ndi kuonetsa munthu woipa.

M'chaka cha 1976 a Frelimo anayamba kujambula munthu wotchedwa Xiconhoca m'magazini ya Tempo. Mawu akuti nhoca ndi njoka m'chinenero chathu. Ankamujambula ali waulesi, chidakwa, wobisa katundu kuti agulitse modula. Pa pepala ankamutchula poyera kuti mdani wa anthu. Koma pabwalo palibe chikwangwani chotere. Woipa ayenera kudziulula yekha.

Tiyerekeze sewero la wogula mbatata pamsika wa ku Fonte Boa. Iye afika m'mamawa, alimi asanabwere. Apotoza sikelo. Kenaka atembenukira kwa ife oonera, natinong'oneza: "Awa sadziwa kuwerenga. Makilo 50 ndilemba 40."

Tsopano alowa mayi wokalamba, thumba lili pamutu. Wogula uja athamanga kukamutula. "Mwadzuka bwanji, amayi? Pepani ndi ulendo. Ana ali bwanji kunyumba?" Aseka nawo, awapatsa ndi mpando.

Taonani chimene wolemba wachita. Watiuza chinsinsi chimene mayi uja sakuchidziwa. Ulemu wonse wa wogulayo ukutipsetsa mtima, chifukwa tamva kale za mumtima mwake. Palibe angachoke pabwalo nthawi imeneyi. Wina adzakuwa ndithu: "Amayi, onani sikeloyo!" Ochita sewero asamuletse. Kukuwako ndiye kuvomera kwa nthano kuja.

Njira iyi ndi yakale. William Shakespeare wa ku England anaigwiritsa ntchito zaka zoposa 400 zapitazo m'sewero la Othello. Mmenemo Iago amauza oonera chiwembu chake, pamene mbuye wake akumuyesa munthu wokhulupirika.

Ena polemba amakonda woipa waukali, wotuzula maso, wolankhula mokalipa. Ana amaseka, inde. Koma ine ndiona kuti sewero lotero silitithandiza. Wakuba weniweni sabwera ndi nyanga. Amabwera ndi moni wokoma, ndipo nthawi zina ndi mwana wa m'mudzi mwathu momwemo. Oonera akamuzolowera pabwalo, adzamuzindikira pamsika.

Pomaliza sewerolo, wolemba asaitane mfumu kapena wapolisi kudzakamba mlandu wautali. Mayi uja angopempha buku la wogula. Aike chala pa nambala, awerenge pang'onopang'ono monga tichitira m'kalasi, nafunse: "Bambo, apa mwalemba 40. Makilo 10 anga apita kuti?"