Nkhaŵa ndi Nthenda ya Mtima

Mtima ndi mnofu. Umagwira ntchito usana ndi usiku. Chakudya chake ndi magazi, amene amadzera m'timitsempha tozungulira mtimawo. Mafuta akaunjikana m'timitsempha timeneti, njira imachepa, monga ngalande ya kudimba ikadzaza matope. Munthu akamakwera chitunda kapena kusenza mtolo wa fodya, pachifuŵa pamathina. Imeneyi ndiyo nthenda ya mitsempha ya mtima.

Wodwala nthendayi amagwidwa nkhaŵa kaŵirikaŵiri. Tulo sitibwera. Amaganiza za imfa, za ana, za ngongole ya feteleza. Nkhaŵa imathamangitsa mtima, ndipo mtima wodwala kale umatopa msanga.

Alipo mankhwala otchedwa diazepam. Ena amati Valium. Anayamba kugulitsidwa mu 1963. Anthu amati amakhazika mtima pansi. Koma taonani, anzathu: mankhwalaŵa amagwira ntchito mu ubongo. Satsegula mtsempha ngakhale umodzi. Dokotala amaŵapereka kwa masiku ochepa, osapitirira milungu inayi, chifukwa thupi limaŵazoloŵera. Wozoloŵera akasiya mwadzidzidzi amanjenjemera, mwina kukomoka kumene. Okalamba akamwa amawodzera, nagwa. Nanga kuphatikiza ndi kachasu? Kupuma kumachepa, ndipo munthu angathe kugona osadzukanso.

Nkhaŵa yokhalitsa ili ndi mankhwala ena, monga sertraline. Aŵa amachedwa. Mudikire milungu ingapo, musataye mtima. Mu 2002 madokotala analengeza zotsatira za kafukufuku wa anthu 369 odwala mtima amene analinso ovutika maganizo. Anapeza kuti sertraline sanawononge mtima wawo. Komabe ngati mumamwa aspirin, nenani, pakuti mankhwala aŵiriŵa pamodzi amachititsa kuti magazi achedwe kuundana. Palinso amitriptyline, amene angasokoneze kagundidwe ka mtima. Musaŵalandire musananene kuti mtima wanu ndi wodwala.

Chovuta n'chakuti nkhaŵa ndi nthenda ya mtima zimafanana. Zonse zimabweretsa thukuta ndi phuma. Inu simungazisiyanitse muli pamphasa. Pachifuŵa pakathina, ululu n'kutsikira ku mkono wamanzere kapena kukwera ku chibwano, musabwereke mapiritsi a mnansi. Pitani msanga kuchipatala cha ku Furancungo. Kukafunika, adzakutumizani kuchipatala chachikulu cha ku Tete. Nyamulani mankhwala onse amene mukumwa, ndi azitsamba omwe, kuti anamwino aŵaone.