Mwana wa Ng'ona Sakulira Dziwe Limodzi

Mu mzinda wa Milan ku Italy, m'nyumba yosungiramo zithunzi ya Brera, muli chithunzi cha ukwati wa Maria ndi Yosefe. Chinzake chili ku Caen, m'dziko la France. Munthu woyang'ana mothamanga angalumbire kuti zonse ziwiri zinachokera m'dzanja limodzi. Koma ayi ndithu. Cha ku Caen chinajambulidwa ndi Pietro Perugino, mmisiri wotchuka wa masiku amenewo, ndipo cha ku Milan ndi ntchito ya wophunzira wake, Raphael, amene anachimaliza m'chaka cha 1504 ali ndi zaka 21.

Raphael anabadwira ku Urbino mu 1483. Atate ake, amenenso anali ojambula, anamwalira iye ali ndi zaka 11. Masiku amenewo luso silinkaphunziridwa pa bolodi. Mnyamata ankakhala pamapazi a mmisiri, kupera utoto, kusalaza matabwa ojambulapo ndi kutsanzira zojambula za mkuluyo kufikira dzanja litazolowera. Raphael anatengera kwambiri kajambulidwe ka Perugino: nkhope zofatsa, mitu yopendekeka pang'ono ndiponso thambo loyera. Giorgio Vasari, amene analemba mbiri ya amisiri a ku Italy, ananena kuti panali povuta kusiyanitsa ntchito za awiriwa.

Tsono tiyeni tiyang'anitsitse zithunzi zija. Zonse ziwiri zili ndi wansembe pakati, Yosefe akuveka mphete Maria, mnyamata wina akuthyola ndodo pa bondo, ndi kachisi kumbuyo. Koma Perugino anandandalika anthu ake pa mzere umodzi, ndipo nsonga ya kachisi wake inadukira m'mphepete mwa chithunzi. Raphael anaimika anthu ake mokhota, nasuntha kachisi kumka naye patali kotero kuti aoneke yense, mpweya ukumzungulira. Kachisi wa mphunzitsi ali ndi mbali 8. Wa wophunzira ali nazo 16, ndipo pamwamba pa khomo lake mnyamatayo analembapo dzina lake. Zonse anabwereka, koma chilichonse anachifunsa ngati sichikadakhala bwino koposa.

Chaka chomwecho anapita ku Florence, kumene anaona ntchito za Leonardo da Vinci ndi Michelangelo, nayambanso kuphunzira ngati mwana. Mu 1508 anapita ku Rome kukajambula m'zipinda za Papa Julius II. Pamene ankamwalira mu 1520, ali ndi zaka 37 zokha, mbiri yake inali itaposa kutalitali ya mphunzitsi wake. Paja akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Inu amene mwangotsiriza sukulu ndipo mukuphunzira kujambula, kusema kapena kuumba kwa mmisiri wina, musachite manyazi kumtsanzira. Nzeru za dzanja sizilowa ndi mawu; zimalowa mwa kuonerera ndi kubwereza. Choopsa ndicho kukalamba mukadali kutsanzira.

Nanga inu aphunzitsi? Tsiku lina mwana adzakubweretserani ntchito yosiyana ndi imene munamuonetsa. Musafulumire kutenga cholembera chofiira. Yambani mwamfunsa chifukwa chimene wasinthira. Kapena walakwitsa, ndipo mudzamuwongolera. Kapenanso waona chimene inu simunachione pa zaka zonse za uphunzitsi wanu.