Mimba ya kagalu imanamiza

Ambiri timayesa kukhuta kwa kagalu poona mimba. Ikatukuka ngati kang'oma, timati mwini wake akukasamala. Maganizo amenewa si achabe ayi, pajatu kagalu kowonda kamachititsa manyazi alendo akafika pakhomo.

Komatu mimba yotupa ya kagalu nthawi zambiri imakhala ya njoka za m'mimba. Tiagalu tambiri timabadwa nazo kuchokera kwa make, n'chifukwa chake madokotala a ziweto amayamba kutipatsa mankhwala a njoka tikangokwana milungu 2. Pofuna kudziwa ngati kagalu kakudya mokwanira, sisitani nthiti ndi zala. Zizimveka mosavuta, koma zisachite kuonekera patali.

Enanso amati mbale isaume, kagaluko kadzasiya kokha kakakhuta. Umenewu ndi mtima wa kholo, ndipo ndani angautsutse? Kagalu kamayang'ana munthu ngati sikanadye chibadwire.

Vuto ndi loti tiagalu tambiri sitidziwa kusiya. Agalu a mitundu ikuluikulu monga Boerboel ndi German Shepherd akakula mothamanga kwambiri, mafupa ndi mfundo zawo zimavutika. Kafukufuku wa kampani ya Purina, wofalitsidwa mu 2002, anatsata agalu 48 a mtundu wa Labrador moyo wawo wonse. Omwe ankapatsidwa chakudya chochepera ndi gawo limodzi mwa magawo 4 anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 2 kuposa anzawo.

Muyeso weniweni umachokera pa sikelo ndi pa msinkhu. Kagalu ka makilogalamu 5 kosakwana miyezi 4 kamafunika makalori pafupifupi 700 pa tsiku, pafupifupi kawiri kuposa galu wamkulu wolemera chimodzimodzi. Chakudyacho chigawidwe kanayi pa tsiku, kenako katatu, ndipo kakakwana miyezi 6, kawiri. Kayezeni mlungu uliwonse: kwerani pa sikelo mutakanyamula, kweraninso nokha, muchotsere. Muyeso wa pa thumba la chakudya chogula ndi poyambira chabe.

Nanga mikute? Agalu a kumudzi akulira pa iyo kuyambira kale, ndipo imapatsadi mphamvu. Kungoti thupi lomwe likukula limafunanso zomanga minofu ndi mafupa, zomwe mu nsima n'zochepa. Onjezerani dzira lophika, usipa kapena bonya. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba tiagalu tambiri tomwe tasiya kuyamwa, ndipo msuzi wotsala wokhala ndi anyezi usapite m'mbale yake, chifukwa anyezi amawononga magazi a galu.